Ufa, Nkhuni, Madzi ndi Wi-Fi Yomwe



Mvula ikatha, cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo miseu ikauma, ndiye kuti nyengo ya misonkhano yafika mu Mpingo. Kuyambira June mpaka October mabwalo a maparishi athu sasowa alendo. Sabata ino akumana makwaya, sabata ya mawa amai a Anna Woyera, kenaka a Legio ya Maria, acinyamata, makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Misonkhano yonseyi imatheka cifukwa ca anthu odzipereka amene salandira ngakhale ngwee imodzi: olandira alendo, olemba maina pa cipata, amai a kukhichini, otunga madzi, alonda a usiku ndi anamwino amene amasiya tulo kuti ayang'anire odwala. Makomiti athu anazolowera kuwerengera matumba a ufa, ngolo za nkhuni, madramu a madzi ndi zimbudzi. Mwezi uno tifuna kuonjezera cinthu cimodzi pa mndandanda umenewu, ndico intaneti yopanda nthambo, imene ana athu amaicha Wi-Fi.

Tidziwa kuti ena aseka nati, "Kodi Akatekisiti nao alowa za acinyamata?" Asanaseke ayambe aona mmene nchito ikuyendera pa misonkhano masiku ano. Maina a obwera amalembedwa pa foni kapena pa kompyuta. Atsogoleri a magulu amauzana pa WhatsApp kuti basi ya parishi yakuti yafika, kuti ndiwo zacepa kwa alendo ogona kusukulu, kuti mwana wovala malaya ofiira wasocera. Tsono taganizani: agogo ena akomoka ndi dzuwa kumapeto kwa bwalo, mtsikana wa gulu lothandiza odwala walemba uthenga woitana galimoto, uthengawo n'kukhala m'foni mwake osacoka kwa mphindi 20. Apa nkhani ya intaneti yakhudza moyo wa munthu. Palinso cina cimene sitimacinena kawirikawiri. Komiti ikapanda kukonza kanthu, odzipereka amagwira nchito ya Mpingo ndi mabandulo ogula ndi ndalama za m'thumba mwao, pamene ambiri mwa iwo ndi ana a sukulu ndi anthu osakhala pa nchito. Apereka kale masiku ao ndi mphamvu zao. Si cilungamo kuti aperekenso ndalama ya sopo.

Mpingo sunayambe lero

Pa 12 February 1931 Papa Pius XI anatsegula wailesi ya ku Vatican, imene anaikonza Guglielmo Marconi, katswiri wa kutumiza mau mumlengalenga popanda nthambo. Pa 4 December 1963 Msonkhano Waciwiri wa Vatican unatulutsa cikalata ca Inter Mirifica, cimene ciphunzitsa kuti zipangizo zofalitsira uthenga zimathandiza anthu zikagwiritsidwa bwino, ndi kuti abusa pamodzi ndi akristu eni ake ali ndi udindo woziyang'anira. Mu November 2001 Papa John Paul II, yemwe uja anatiyendera kuno ku Zambia mu May 1989, anatumiza kalata yake kwa Mpingo wa ku Oceania pa intaneti. Ndipo pa 7 September 2025 Papa Leo XIV anaika m'gulu la oyera Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, amene luso lake la kompyuta analigwiritsa pofalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia.

Pa msonkhano wa acinyamata a dziko lonse ku Lisbon mu August 2023, anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anafika pa Misa yotsiriza, ndipo owatumikira modzipereka anali pafupifupi 25,000. Misonkhano yathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi umenewo, koma bvuto ndi lomwelo: anthu ambiri pa malo amodzi, ndi otumikira omwazika amene ayenera kumvana msanga.

Citsime ndi mipope

Kuti timvane, tiyerekeze ndi madzi. Pa mishoni pamakhala citsime cimodzi, ndipo madzi ake amagawidwa m'mipope ingapo. Intaneti nayonso ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi gwero, kumene intaneti imalowera pa malo athu. Gwerolo lingakhale SIM kadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel yoikidwa m'kabokosi kochedwa rauta. Lingakhale nthambo ya faiba ngati tili m'tauni. Lingakhalenso mbale ya Starlink yolandira kucokera ku masetilaiti, imene inayamba kugwira nchito m'Zambia mu October 2023. Mbali yaciwiri ndiyo Wi-Fi, mipope yosaoneka yopereka intaneti ku foni ili yonse. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Foni ikaonetsa timizere tonse ta Wi-Fi amati intaneti ilipo yambiri, pamene timizereto tingotanthauza kuti munthu waima pafupi ndi mpope. Mpope ungakhale watsopano, citsime citaphwa.

Mphamvu ya gwero imayesedwa ndi muyeso wochedwa Mbps, monga tiyesera madzi ndi malita. Mauthenga olemba a pa WhatsApp amamwa pang'ono kwambiri, kotero kuti anthu 100 angalemberane tsiku lonse pa gwero laling'ono. Kanema ndiye nsima ya alimi. Munthu mmodzi woonera kanema wooneka bwino amamwa pafupifupi 4 Mbps, ndipo pa ola limodzi angathe kutha 1 GB kapena kuposa. Tinene kuti gwero lathu lipereka 50 Mbps. Anyamata 12 okha oonera mpira pansi pa mtengo wa mango atha kuumitsa citsime conse, olemba maina pa cipata n'kungokhala manja m'khosi.

Tikumbukirenso kuti intaneti ili ndi njira yolandirira ndi njira yotumizira, ndipo kawirikawiri yotumizira ndiyo yopapatiza. Ngati komiti ifuna kuulutsa Misa pa Facebook kuti odwala ndi abale a kutali aone, wokonza ayese njira yotumizirayo payokha, cifukwa kuulutsa kumafuna pafupifupi 5 Mbps osadukiza.

Cifukwa ninji imafa khamu likafika?

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi ili: "Dzulo tinayesa ndipo zinali kugwira bwino." Zoonadi zinali kugwira, pakuti dzulo pa bwalo panali anthu atatu ndi mbuzi. Pali zifukwa zitatu zimene zimasintha zinthu khamu likafika.

Coyamba, rauta wamba imalankhula ndi mafoni monga mfumu imvera milandu pa bwalo: mmodzi alankhule, enanu mukhale cete. Imasinthana nao mofulumira zedi, kotero kuti mafoni akakhala asanu palibe aona kuti akudikira. Akakhala 200 mzere umatalika. Kuonjezera apo, foni imene ili patali ndi rauta imalankhula pang'onopang'ono ndi kubwerezabwereza, ngati mboni yoyamba umboni wake ndi kupereka moni wa mudzi wonse, ndipo a pafupi onse amaidikira. Tizipangizo ta m'thumba tija tochedwa MiFi tambiri timalola mafoni 10 kapena 16 basi. Rauta ya m'nyumba imapatsa foni ili yonse nambala yake, ndipo kawirikawiri manambalawo sapitirira 250. Akatha, wobwera pambuyo salowa ngakhale ataima pafupi.

Caciwiri, thupi la munthu ndi madzi koposa theka, ndipo madzi amameza mphamvu ya Wi-Fi. Rauta yoikidwa pa tebulo imafika patali m'holo yopanda anthu, koma anthu 300 akaimirira ndiye kuti aimangira linga. Makoma ocindikala a njerwa a machalichi athu akale nao amachinga, ndipo malata amabweza mphamvuyo.

Cacitatu, nsanja ya foni ya m'dera lathu inaikidwa poganizira anthu a masiku onse. Alendo mazanamazana akafika ndi mafoni ao, nsanjayo imalemedwa, ndipo rauta yathu ya SIM kadi imalemedwa nayo pamodzi, pakuti onse akutunga pa citsime cimodzi. Ndalama za pa foni zimene timatuma poimba timanambala nazonso zimadzera pa nsanja yomweyo, sizidzera pa Wi-Fi. Msungicuma adziwiretu zimenezi, alandire zopereka za maparishi masiku a msonkhano asanafike.

Magulu a 100 ndi a 50

Pa Marko 6:39-40 timawerenga kuti Ambuye, asanagawe mikate kwa khamu lija, analamula kuti anthu akhale pansi m'magulumagulu, ena a anthu 100 ena a anthu 50. Cozizwitsa cinali ca Mulungu, koma kugawa kunafuna dongosolo. Amisiri a intaneti amatsata nzeru yofanana ndi imeneyi. M'malo mwa rauta imodzi yaphokoso pakati pa bwalo, amaika timabokosi tingapo togawira Wi-Fi, kali konse kotumikira mafoni pakati pa 30 ndi 50.

Timabokosito tiikidwe pamwamba, mamita atatu kapena kuposa, kuti tione pamwamba pa mitu ya anthu. Tilumikizidwe ndi rauta yaikulu ndi nthambo, ndipo nthambo imodzi isapitirire mamita 100, cifukwa apo ndipo pamalekezera mphamvu yake. Tija tongolandira Wi-Fi n'kuibwereza popanda nthambo kawirikawiri timadula liwiro ndi theka.

Wi-Fi imayenda m'miseu iwiri yodziwika, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Woyambawo umafika patali ndi kupyola makoma bwinoko, koma uli ndi tinjira titatu tokha tosagundana, ndito 1, 6 ndi 11. Timabokosi tiwiri toyandikana tikakhala pa kanjira kamodzi timasokonezana ngati makwaya awiri oyeserera m'cipinda cimodzi. Mseu wa 5 GHz uli ndi tinjira tambiri ndi liwiro, koma sufika patali. Wokonza atsegule yonse iwiri. Asatseke wa 2.4 GHz pofuna liwiro, pakuti mafoni akale ndi otsika mtengo ambiri amaona umenewo wokha, ndipo amenewa ndiwo mafoni a amai a kukhichini ndi alonda a usiku.

Tsopano tiwerengere. Tinene kuti tiyembekezera alendo 800 ndi odzipereka 90. Kutumikira odzipereka okha kungafune timabokosi titatu kapena tinai, toikidwa pamene nchito ili: pa cipata polembera maina, pa malo a odwala, kukhichini ndi ku ofesi ya komiti. Kutumikira alendo onse 800 kungafune timabokosi pafupifupi 20, nthambo zambiri, mmisiri wokhalapo usana ndi usiku, ndi gwero limene parishi ya kumudzi singalikwanitse. Pa Luka 14:28-30 Ambuye acenjeza za munthu woyamba kumanga nsanja asanawerengere ndalama zake, amene pambuyo pake anthu amamseka. Komiti yanzeru ilonjeze zimene ingathe. Kulengeza pa guwa kuti kudzakhala intaneti yaulere ya onse n'kosavuta, koma walira mvula walira matope.

Ayambe kutunga ndani?

Funso ili ndi la Mpingo, mmisiri sangatiyankhire. M'buku la Nchito za Atumwi, mutu 6, munabuka dandaulo lakuti akazi amasiye a gulu lina anali kuiwalidwa pogawa cakudya ca tsiku ndi tsiku. Atumwi sanayembekeze kuti zinthu zikonzeka zokha. Anauza akristu kuti asankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino oyang'anira kagawidwe. Cinthu cocepa cikasiyidwa popanda woyang'anira, amatenga ndi amphamvu ndi ocenjera. Pa intaneti amphamvu ndiwo a mafoni okwera mtengo ndi amene ali ndi nthawi yokhala pafupi ndi rauta.

Cotero tilangiza kuti Wi-Fi ikhale ndi maina awiri. Loyamba likhale la nchito, la odzipereka okha, ndi mau ake acinsinsi. Mau amenewa asalembedwe pa khoma kapena kutumizidwa pa gulu la WhatsApp, cifukwa pofika madzulo adzakhala atafika mpaka kwa ogulitsa zitumbuwa kunja kwa mpanda. Munthu mmodzi wosankhidwa awalembe yekha m'foni ya wodzipereka ali yense pamene akulandira cizindikiro cake ca nchito. Laciwiri likhale la alendo, ngati gwero lilola, ndipo foni ili yonse ipatsidwe malire, monga 1 Mbps. Muyeso umenewu ukwanira kuuza a kunyumba kuti tafika bwino, koma sulola munthu mmodzi kumwa za onse. Lamuloli likhudze onse mofanana, a wapampando a komiti ndi alendo olemekezeka omwe.

Odzipereka nao apemphedwe kutseka zimene foni imacita yokha ikaona Wi-Fi, monga kukonzanso mapulogramu ake ndi kutumiza zithunzi zonse kukasungidwa pa intaneti. Mafoni 90 akayamba zimenezi nthawi imodzi, gwero limatha eni ake osakhudza kanthu. Apemphedwenso kuti asatsegule Wi-Fi ya pa mafoni ao pogawira anzao pafupi ndi malo a nchito, cifukwa imadzaza tinjira titatu tija.

Magetsi

Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo m'madera ambiri maola opanda magetsi anacuruka kuposa okhala nao. Wokonza msonkhano aganize ngati kuti magetsi adzapita pa nthawi yoipitsitsa. Rauta ndi kabokosi kali konse zimadya mawati pafupifupi 10, pamene mbale ya Starlink imadya pakati pa 50 ndi 100. Batire ya mtovu ya 12V ndi 100Ah siyenera kutsitsidwa kupyola theka. Ikanyamula mbale ndi timabokosi titatu, ikhala maola pafupifupi 6. Ndiye kuti pafunika sola yoidzaza masana, kapena batire yaciwiri ya usiku. Jenereta ikazima pothira mafuta, intaneti imazima nayo ndipo imatenga mphindi zingapo kuti idzuke; n'cifukwa cake zipangizozi zidzere pa batire. Mbale ya Starlink imafuna kuona thambo popanda cochinga, tsono mitengo yaikulu ya pa mishoni imene timaikonda cifukwa ca mthunzi ingathe kuisokoneza.

Musaiwale malo ochajira mafoni a odzipereka, okhala ndi munthu wokhulupirika wolemba mwini wa foni ili yonse. Foni ikasowa pa msonkhano wa Mpingo, mkangano wake umakhala zaka.

Cinsinsi ndi ulemu

Mndandanda wa obwera umakhala ndi maina, manambala a foni, nthawi zina ndi matenda a anthu. Kuyambira 2021 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zotere, lochedwa Data Protection Act. Koma ngakhale lamulo lisanabwere, lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu linatiphunzitsa kale kusunga mbiri ya mnzathu. Mndandandawo uonedwe ndi okhawo amene nchito yao iufuna, ndipo msonkhano ukatha ucotsedwe m'mafoni. Munthu wodwala kapena wokomoka asajambulidwe. Zithunzi za ana zisaikidwe pa intaneti makolo ao osalola.

Za Misa tinene mosabisa. Nthawi ya Nsembe ya Ukaristia ndi ya kupembedza Sakramenti Loyera, Wi-Fi ya alendo izimitsidwe, ndipo izi zilengezedwe tsiku loyamba kuti pasakhale wodabwa. Ya nchito itsale kwa othandiza odwala ndi alonda, mafoni ao atatsekedwa kulira. Ngati Misa iulutsidwa, pakhale wojambula mmodzi wovomerezedwa ndi Bambo Mfumu, woima pa malo amodzi. Anthu ayenda makilomita ambiri, ena pa njinga, ena pa lole, kuti apemphere pamodzi. Tisawaitane kutali kotero kuti adzaweramire mafoni.

Pepala ndi njinga zisatayidwe

Zipangizo zimafa ngakhale zitakonzedwa bwino. Mndandanda wa maina, pulogramu ya masiku onse ndi manambala a anamwino, a dalaivala, a cipatala ca pafupi ndi a polisi zisindikizidwe pa mapepala ndi kupacikidwa pa malo onse a nchito. Nyimbo ndi mawerengo zilowetsedwe m'mafoni anthu asanacoke kwao. Pakhale anyamata awiri a njinga otumidwa, cimkuzamau, ndi kaimbidwe ka belu kodziwika kwa onse koitanira thandizo. Gwero nalo likhale ndi mnzake: ngati lalikulu ndi la kampani imodzi, m'kabati mukhale SIM kadi ya kampani ina yokhala ndi bandulo.

Dongosolo la komiti

1. Kutatsala miyezi iwiri, sankhani anthu atatu oyang'anira nchitoyi: wacinyamata wodziwa zipangizo, mkulu wodziwika ndi cilungamo, ndi mmodzi wa amai. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mau acinsinsi a rauta asadziwike ndi munthu mmodzi yekha, kuopa kuti angadwale.

2. Werengani odzipereka ndi malo a nchito, jambulani mapu a bwalo, ndipo ikani mtengo wa mabandulo, nthambo ndi mafuta pa bajeti pamodzi ndi ufa.

3. Funsani sukulu, cipatala ca mishoni kapena ofesi ya zofalitsa nkhani ya dayosizi ngati angabwereke zipangizo kapena mmisiri. Safunsa anadya phula. Zobwereka zilembedwe m'buku ndi kubwezedwa zonse.

4. Yesani zonse Lamulungu, anthu akutuluka mu Misa yaikulu, pamene bwalo ladzaza ndi matupi ndi mafoni. Yesani makampani onse atatu pa malo omwewo.

5. Msonkhano ukatha, lembani zimene zinagwira ndi zimene zinalephera, mupereke kwa parishi yolandira msonkhano wotsatira.

Acinyamata athu ambiri amakhala kumbuyo m'chalichi poganiza kuti alibe copereka. Nayi nchito imene iwo aidziwa kuposa ife akulu. Tiwaitane ndi ulemu, tiwapatse udindo weniweni, ndipo pa tsiku lothokoza maina ao achulidwe pamodzi ndi a amai amene anaphika.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Pa msonkhano wapita, kodi odzipereka a mphakati wathu anaononga ndalama zingati za m'thumba mwao pa nchito ya Mpingo? Tinawathandiza bwanji?

2. Pogawa zinthu zocepa m'parishi mwathu, ndani amene amaiwalidwa kawirikawiri?

3. Ndi acinyamata ati pakati pathu amene ali ndi luso la zipangizo zimenezi, ndipo tidzawaitana liti?

Ambuye adalitse onse amene akukonzekera kulandira alendo caka cino. Tidzakumananso pa tsamba lino mwezi wa mawa.